Nsomba Zopanda Lisiti

Komatu Ireen analipo, anaona ndi maso ake — Felistus anabwereza mawuwa mumtima kachitatu, akusalaza pabondo kalata ya a Yotamu, eni nyumba, yomuuza kuti atuluke Lachisanu chifukwa cha lendi ya miyezi itatu. Pamphasa anali atayala zoti akaonetse kukhoti mawa: fotokope ya chitupa chake, malisiti akale asanu ndi awiri, ndi pepala losalembedwa limene Ireen, wa khomo loyandikana, analonjeza kulembapo umboni.

Miyezi itatuyo analipira, koma analipira ndi nsomba. Malonda atavuta, akazi awo a Yotamu anabwera okha nanena kuti ndalama si kanthu, azingopereka nsomba zouma zimene amapikula ku Chanyanya, dengu limodzi mwezi umodzi. Ndipo iye, chitsiru, anasenza madengu atatu kukatula kukhitchini kwawo osapempha kakalata, poti munthu amene umakhala naye benchi imodzi kutchalitchi sumufunsa lisiti, kumeneko n'kumutcha wakuba. Lero bambowo akuti nsombazo zinali mphatso. Mphatso, iye amene ana ake amadya chibwabwa, masamba a maungu okhaokha, sabata yathunthu?

Anachita manyazi, kenako mantha. Ireen anati abwera ikamakwana teni, koma dzuwa linali litapendeka kale, makondakitala kumsewu akuitanirabe anthu a ku Lusaka ngati palibe chavuta. Dzulo anamuona pampopi akuseka ndi Mayi Yotamu, ndipo iye atayandikira kusekako kunaduka — kapena sikunaduke, kapena ndi mutu wakewu umene wayamba kuona mfiti paliponse, kunamizira munthu amene anamusungira ana pamaliro a amuna ake. Komabe mtima wa mnzako ndi tsidya lina. Mng'ono wake wa Ireen, uja wapeza ntchito kufakitale ya feteleza, si akufunafuna chipinda? Nanga sabata yatha Ireen anafunsiranji ngati denga la muno limadontha?

Pakhomo panamveka odi.

"Ba Felistus, nabwela. Ili kuti pepala?"

Anamupatsa pepala ndi bolopeni. Ireen anagwada pamphasa, analemba dzina lake pang'onopang'ono, kenako anafunsa kuti alembe madengu angati.

"Atatu. Simunaone imwe?"

"Ine nikumbukila imozi chabe. Yenangu siniziba bwino."

Felistus anafuna kumukumbutsa kuti dengu lachitatu anamutwika ndi iyeyo, ndi manja omwewa, koma anangoyang'ana dzanja la Ireen. Bolopeni inali itaima pamwamba pa pepala. Maso a Ireen sanali papepalapo, anali pazenera, akuyenda kuchokera pa msomali wina kufika pa unzake monga amachitira munthu woyeza katani. Kuchokera kunyumba yaikulu ya a Yotamu kunabwera fungo la nsomba youma ili pamoto, ndipo chala cha Ireen chogwira bolopeni chinali chikunyezimira mafuta.