Mtanda Podutsa pa Lirangwe

January sanali munthu wa mapemphero, tisanamizane. Kutchalitchi ankafika ulaliki utatha, n'kukhala kumbuyo kufupi ndi chitseko. Koma atamva kuti akhristu a ku Chileka ayenda wapansi ndi mtanda mpaka kuphiri la kumpoto, ndipo njira yake idzera pa Lirangwe, anali woyamba kumanga chikwama.

Pa Lirangwe panali mwana wake, Vanessa. Mkazi wake Jane atamwalira, akuchikazi anamusudzula monga mwa mwambo, mwanayo n'kutsala kwa amalume ake akadali wakumsana. Zinali zaka zoyamba za matipate, pamene anyamata ankathamangira ku Joni, ndipo naye anapita n'kutchona. Atabwerako, manyazi anamumanga miyendo. Munthu ukasowa nthawi yonseyo, pakhomo pa eni umayamba ndi mawu ati? Iye ankangofuna kumuona mwanayo, ndi kudziwa ngati amamukumbukirako n'komwe.

Ulendowo unali wa fumbi, nyimbo ndi matuza. Ankagona m'makalasi, m'mawa n'kudya mbatata zimene akhristu a m'njira ankawapatsa. Maminibasi ankawaimbira hutala, makondakitala n'kumakuwa kuti, "Mutipemphererekonso ife!" January, chifukwa chofuna kuoneka bwino, anavala nsapato zatsopano za ku Joni, ndipo zinamuluma osati masewera.

"Achimwene, nsapatozi mwavalira Yesu kapena pali wina?" anafunsa mayi Phyllis, amene ankayambitsa nyimbo.

Mayi amenewa sankasiya nkhani panjira. Pofika masana anali atamukama zonse.

"Zengerezu adalinda kwawukwawu," anatero. "Mudikira mpaka mudzamve kuti mwana wanuyo wakwatiwa?"

Tsono ulendowu unali ndi lamulo lake. Mtanda sutera pansi, ndipo wousenza saima, salankhula, samwa madzi, mpaka wina amulandire. Amuna ndiwo ankalandirana motsatana. Tsoka sasimba, nthawi ya January inakwana akulowa kumene pa Lirangwe.

Anauika paphewa. Anadutsa msika, anadutsa okonza njinga, ndipo pansi pa mtengo wa mango anaona atsikana akwaya ataima ndi zidebe, akumwetsa apaulendo. Mmodzi mwa iwo, wamtali, ankapereka kapu atapendeketsa mutu monga ankachitira Jane. January sanafunikire womuuza. Mtima unamupweteka kuposa phewa. Ankafuna kufuula, koma pakamwa panali potseka ndi lamulo, ndipo miyendo inkangomupititsa. Mtengo uja unayamba kutsalira kumbuyo.

Kenaka anamva mtanda ukupepuka. Mayi Phyllis anali atalowetsa phewa lawo pansi pake.

"Amayi, akazi sasenza!" anadandaula mkulu wina wa mpingo.

"Nkhuni zakwanu amasenza ndani?" anayankha mayiwo osacheuka. "Inu achimwene, kamweni madzi."

January anabwerera akutsimphina. Mtsikanayo anatunga madzi, anapinda bondo n'kumupatsa kapu ndi manja awiri. Iye anamwa pang'onopang'ono, chifukwa sankadziwa chonena madziwo akatha.

"Ndiwe Vanessa?"

"Eya. Mwandidziwa bwanji?"

"Ine ndine January."

Mtsikanayo anamuyang'ana nthawi yaitali, kuyambira kumutu kodzaza fumbi mpaka kunsapato zomuluma zija. Anzake anasiya kutunga. January anadikira chipongwe, kapena misozi, kapena kuti mwanayo afunse kuti January wake uti. Chilichonse akanachilandira.

"Mwabwera wapansi?" anafunsa Vanessa motsitsa mawu.

"Kuchokera ku Chileka."

Vanessa anatenga kapu ija n'kuigwira pachifuwa. Nyimbo ya apaulendo inali itafika kale kutali, kutsidya kwa mlatho.

"Amalume anandiuza kuti muli ku Joni, ndipo a ku Joni amabwera pandege," anatero. "Ikamadutsa kukatera ku Chileka ndinkasiya mbale n'kuthamangira panja. Mpaka pano ndimatulukabe, anzanga amandiseka. Zaka zonsezi ine ndimayang'ana kumwamba, ababa. Kumsewu kuno sindinayang'aneko."