Tsiku la Ukwati ndi Chikho cha Nkhandwe

Wansembe wathu amatumikira maparishi anayi, ndipo masiku a Loweruka a m'chilimwe anali atatengedwa kale. Anatisiyira awiri okha oti tisankhepo: loyamba la Juni, kapena lachiwiri la Seputembala. Ine ndinkafuna Juni, ndipo chifukwa chake sindinabisire munthu. Akazi anga, a Gisèle, akhala akuiwala zinthu kwa zaka zitatu tsopano. Anayamba ndi makiyi, kenaka mayina a anansi athu, ndipo pa Khirisimasi anandifunsa mwaulemu ngati ndinali wokonza mapaipi. Munthu yekhayo amene amamuzindikirabe tsiku ndi tsiku ndi mdzukulu wathu Maëlle, amene tinamulera tokha kuyambira ali ndi zaka zinayi. Dokotala anakana kundilonjeza kuti zidzakhalabe choncho mu Seputembala, masamba akadzayamba kufiira. Ndinkafuna kuti a Gisèle akaone ukwatiwo akudziwa kuti mkwatibwi ndi ndani.

Chopinga chinali mkwati. Yannick Charlebois amagwira ntchito ku timu ya hoke, masewera a pa ayezi, ya mumzinda wathu wa Val-Sénécal, imene timaitcha Nkhandwe. Iye sasewera. Amanola zitsulo za kunsi kwa nsapato zimene osewera amatsetserekera pa ayezi, ndipo kulikonse kumene timu yapita, amapita nayo. Masewero a chipulula anali oti ayamba Lachisanu. Ndime zake ndi zinayi, ndipo yomaliza, yolimbirana chikho, imagwa sabata yoyamba ya Juni. Nkhandwe zitafika kumeneko, mkwati akhoza kukhala m'basi, ulendo wa maola khumi kuchokera ku tchalitchi.

Choncho ndinaitana Yannick ndi bambo ake ku chakudya cha masana Lamulungu, kuti tigamule nkhaniyi monga anthu olongosoka. Bambo akewo, Réjean Charlebois, amayendetsa chigalimoto chokankha chipale chofewa m'misewu nthawi yozizira. Réjean ameneyu ndinamuphunzitsa kusukulu ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo sindinganene kuti ntchito yangayo inabala zipatso. Analowa m'nyumba mwanga atavala chipewa cha timu, nakhala patebulo chili pamutu.

"Chipewa, Bambo Charlebois," ndinatero. "M'nyumba muno sitidya titavala chipewa."

"Iii, Aphunzitsi, belu silinalire n'komwe, mwayamba kale?" Anachivula, n'kuchiika pambali pa mbale yake, pansalu yoyera ya a Gisèle. Ndinaugwira mtima.

Maëlle anagawa supu wa nsawawa, tinapemphera, ndipo Réjean sanadikire kuti mwini nyumba ayambe nkhani.

"Seputembala," anatero, chakudya chili m'kamwa. "Nkhani yatha. Tandipatsirani mchere."

"Nkhani sinayambe n'kuyamba komwe. Juni ali ndi vuto lanji?"

"Mwana wangayu m'Juni adzakhala wotanganidwa."

"Ndi chiyani?"

"Mukudziwa."

"Sindikudziwa. Ndiuzeni."

"Ntchito, achikulire. Ntchito. Ena timagwirabe."

"Ntchito yake imatha tsiku limene timu yatuluka mu mpikisano," ndinayankha. "Chaka chatha inatha Epulo asanathe. Chaka chinacho inafika pa 3 Meyi, ndipo mzinda wonse unavina ngati kuti wina wauka kwa akufa."

Masiku amenewa ndimawadziwa chifukwa kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi ndakhala ndikulemba ulosi wa Nkhandwe mu nyuzipepala yathu ya Lachiwiri, masewero a chipulula asanayambe. Sindinaloserepo chikho, ndipo sindinaphonyepo, pakuti chikho sichinabwerepo kuno. Malipiro anga ndi akuti anthu amanditcha Kadzidzi, ndipo ena amawoloka msewu akandiona. Sindidandaula. Ansembe amene anandiphunzitsa ankati munthu aziyamba wawerenga, kenaka aziyankhula.

Koma chaka chino ndinali nditawerenga, ndipo zimene ndinapeza zinandisowetsa mtendere. Mu Febuluwale timu inatenga goloboyi wachinyamata wochokera ku Finland, ndipo kuchokera pamenepo inapambana masewero khumi ndi anayi mwa khumi ndi asanu ndi awiri. Wosewera wathu akapatsidwa chilango cha mphindi ziwiri panja, otsalawo ankatseka golo ngati chitseko cha banki. Matimu awiri amene akanatigwetsa anali odzaza ndi ovulala. Nkhani ya Lachiwiri inali italembedwa kale, ili m'kabati ya m'chipinda changa chowerengera, ndipo palibe amene anali ataiona.

Maëlle anaika supuni pansi. "Agogo, wolosera ndi inu. Tangotiuzani, tidziwe chochita. Nkhandwe zifika pati?"

Ndinayang'ana a Gisèle. Anali kupinda kansalu kopukutira pakamwa, kukatambasula, n'kukapindanso. Ndipo ine, Aurélien Falardeau, amene ndinaphunzitsa ana a mzinda uno zaka makumi anayi kuti bodza ndi kuba, ndinanama patebulo langa lomwe.

"Zituluka m'ndime yoyamba," ndinatero. "Goloboyi ali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo chipulula sanachilawepo. Ana otere amanjenjemera bwalo likadzaza. Otchinga kumbuyo amatembenuka ngati basi ya sukulu. Pofika Meyi, Yannick adzakhala akutchetcha kapinga."

Réjean anamenya tebulo, masupuni n'kudumpha.

"Mwamumva? Mwamumva Kadzidzi ameneyu? Inu, madala, munavalapo nsapato za pa ayezi? Tonse tikukumbuka tsiku limene munatiperekeza kudziwe la sukulu madzi ake ataundana n'kukhala ayezi. Munagwa ngati thumba la mbatata, ana anayi anachita kukukwekwesani! Lero mukuti mudziwa goloboyi?"

"Sindifunika kukhala nkhuku kuti ndidziwe dzira lovunda. Ndipo m'nyumba muno simumenyedwa tebulo."

"Dzira lovunda! Yannick, wamva mmene akutchulira ntchito yako?"

"Bambo, tadekhani," anatero Yannick, maso ali m'mbale. Ndi mnyamata wofatsa, wa manja akuluakulu odzaza zipsera za zitsulo. Khalidwe limeneli anatengera kwa malemu mayi ake, pakuti kwina kulibe kumene akanalitenga.

A Gisèle anadzutsa mutu nayang'ana Réjean modabwa. "Mwana ameneyu ndi wa ndani?" anatero kwa Maëlle. "Akufuula bwanji! Kodi kwawo kulibe akuluakulu?"

"Ndi mlendo wathu, Agogo. Idyani."

Réjean anatsitsa mawu pang'ono, koma osati ukali. "Ndikumvetsa za amayiwa, Aphunzitsi. Sindine chinyama. Koma mukufuna mwana wanga asankhe pakati pa guwa ndi chinthu chimene wachidikira moyo wake wonse. Zaka zisanu ndi zinayi akunola zitsulo m'kachipinda konunkha thukuta la anthu ena. Chaka chino ndiye chaka..." Anaima pomwepo.

"Chaka cha chiyani?" ndinafunsa.

Apa ndipo ndinaona pomugwirira. Kuno munthu wokonda timu yake sanena ndi pakamwa kuti itenga chikho. Amati ukangonena, waitanira timu tsoka. Amuna a ndevu zaimvi, olipira msonkho, okhala m'makomiti a parishi, amakhulupirira zimenezi koposa katekisimu. Ndakhala ndikuzitcha zachibwana moyo wanga wonse, koma tsiku limenelo ndinazigwiritsa ntchito.

"Tichite chonchi, Bambo Charlebois. Nenani pano, momveka, pamaso pa mwana wanu, kuti Nkhandwe zitenga chikho chaka chino. Mukanena, ndivomera Seputembala, ndipo sindidzatsegulanso pakamwa. Mukalephera, ndiye kuti inu nomwe simukhulupirira, ndipo palibe chifukwa chokanira Juni."

"Amenewo ndi masewera onyansa, madala."

"Ndi mawu ochepa chabe. M'kalasi munkayankhula ochuluka kuposa amenewa popanda wokufunsani."

Nkhope yake inafiira mpaka m'makutu. Anatsegula pakamwa.

"Bambo, musayerekeze," anatero Yannick mofulumira, atagwira mkono wa bambo ake. "Chonde. Lachisanu lomweli."

Réjean anatseka pakamwa. Anandiyang'ana monga mmene galu womangidwa amayang'anira mphaka wodutsa pamene unyolo wathera. Ndinapukuta milomo yanga mosafulumira.

"Ndiye ndi Juni," ndinatero. "Maëlle, bweretsa chitumbuwa cha nyama."

Maëlle sanadzuke. Mwana ameneyu ndinamuphunzitsa kuwerenga ali pamiyendo panga, ndipo amaidziwa nkhope yanga koposa mmene ndikanafunira.

"Agogo, mwapukuta pakamwa kawiri musanadye kanthu."

"Si nkhani ya patebulo imeneyo."

"Ndiyang'aneni. Sindikufunsa za nyuzipepala. Ndikufunsa za ine. Ndikadzaima kuguwa Loweruka limenelo, nditavala zoyera, anthu zana atakhala kumbuyo kwanga, Yannick adzakhalapo?"

Kunamiza Réjean Charlebois sikunandivute kwenikweni, ndipo ndidzayankha mlandu umenewo kwa wansembe. Koma funso ili linali lina. Ndinaona m'maganizo mwanga mwanayo ataima yekha, ndi a Gisèle pampando wakutsogolo akufunsa kuti tikudikira ndani.

"Mwa kuwerenga kwanga, sadzakhalapo," ndinatero. "Zimene ndanena poyamba zija sizoona, ndipo ndikupepesa kwa onse ali patebulo pano. Goloboyi uja ndi wabwino koposa aliyense amene ndamuonapo mumzinda muno. Nkhandwe zifika ndime yomaliza, ndipo zitenga chikho."

Yannick anaphimba nkhope ndi manja ake onse awiri. Réjean anadzuka pang'onopang'ono, mpando n'kugwa kumbuyo kwake, ndipo sanautole.

"Wanena," ananong'ona. Kenaka anakuwa. "Wanena! Zaka makumi atatu ndi chimodzi mukutilirira padenga ngati kadzidzi, tinkakupirirani, tinkati bola akutinyoza, tsoka silitiona. Lero, lero lomwe tili ndi timu, ndiye mwasankha kutiyamikira? Mwatipha, madala! Mwatipha ndi supu m'kamwa!"

"Bambo Charlebois, mawu a nkhalamba sagoletsa chigoli, ndiponso satchinga chigoli. Khalani pansi."

"Ndikhale pansi? Mwadala! Mwachita dala! Mwaona kuti ine sindinena, ndiye mwanena nokha kuti mupeze Juni wanuyo!"

"Mukundinamizira. Ndikanafuna Juni, ndikanangokhala chete, pakuti ndinali nditamupeza kale. Tsopano ndikunena monga munthu woona: tengani Seputembala. Mukatenga Juni, mkwati adzakhala ali ku masewero, ndevu zili pachifuwa monga amachitira onsewo nthawi ya chipulula, akunyamula chikho."

"Wabwerezanso!" Réjean anatembenukira kwa mwana wake, manja ali m'mwamba. "Yannick, wabwerezanso! Kawiri!"

Yannick anachotsa manja kumaso. Ndinayembekeza kuti iye, pokhala wa m'badwo wophunzira, aseka. Sanaseke. Anaoneka ngati munthu wochokera kumaliro.

"Lembani Juni," anatero ndi mawu otsika.

"Yannick, ganiza bwino," anatero Maëlle. "Agogo sanaphonyepo."

"Sananenepo zimenezi n'kale lonse, Maëlle. Palibe amene ananenapo. Iwe sudziwa mmene zimakhalira m'chipinda chovalira muja. Chaka china mtolankhani anangofunsa kochi za chikondwerero cha mumsewu cholandirira chikho, tinaluza masewero anayi otsatizana." Anapumira m'mwamba. "Ndidzakhalapo. Ndidzakhala nditameta bwinobwino. Zatha izi."

"Mnyamata iwe," ndinatero, "ukumanga tsiku la ukwati wako pa zikhulupiriro za kumowa."

"Inu mwamanga pa bodza, bambo," anayankha, ndipo aka kanali koyamba kuti andiyang'ane m'maso.

Réjean anatola chipewa chake nachivala ali m'nyumba momwemo, akundiyang'ana kuti ndione. "Nyuzipepala ya Lachiwiri," anatero. "Musalembe zimenezi."

"Zalembedwa kale, ndipo zituluka monga zilili. Ndanama kamodzi lero. Sindinamiza mzinda wonse."

"Ndiye chipale chikadzagwa chaka chamawa, mumsewu wanu uno mudzachichotsa nokha ndi fosholo, asewere." Mawu omalizawo anawalavula ngati fupa la nsomba. Ndinamutambasulira dzanja, pakuti mlendo ndi mlendo ngakhale atakhala wotani. Analiyang'ana, natuluka. Yannick anapsompsona Maëlle pamphumi, anawerama pang'ono kwa a Gisèle, natsatira bambo ake, ine n'kundilambalala.

Ndinadzutsa mpando umene unagwa uja. Maëlle anapita kukhitchini, ndipo ndinamumva akuimbira foni wansembe: Loweruka loyamba la Juni, inde, Abambo, mabanja onse awiri agwirizana. Atabwerera anadulira agogo ake aakazi chitumbuwa tizidutswa ting'onoting'ono, nawapatsa foloko m'manja. Ine sanandigawire.

"Ukwati wa ndani?" anafunsa a Gisèle.

"Wanga, Agogo."

"Wako, Maëlle? Ha! Ndidzavala chiyani ine?" Anaseka, nagwira tsaya la mwanayo.

Maëlle anakhala moyang'anana nane, natsamira patebulo. Maso ake anali ouma.

"Mwapeza tsiku lanu," anatero. "Nkhandwe zikapambana, ndidzaima ndekha kuguwa, inu n'kukhala wolondola. Zikaluza, mwamuna wanga adzakhulupirira mpaka kufa kuti munamulanda chikho, ndipo adzakhala nanu patebulo lino Khirisimasi iliyonse. Ndiye tandiuzani, Agogo. Lachisanu masewero akayamba, inu mudzachemerera ndani?"

Ndinamuuza kuti achotse zigongono patebulo.