Zitenje za Omega

Chaka cha 1999, dziko lonse la Joni lili kalikiliki ndi chisankho, nalo bungwe la maliro la Amalawi a ku Bertrams linali ndi chake. A Yakobo, amene anakhala pampando zaka zisanu, ankalimbirana ndi a Macdonald. Lamulo lalikulu linali limodzi: wopikisana asalandire mphatso kwa eni magalimoto, poti wopambana ndiye amasankha galimoto yonyamula maliro kupita kumudzi.

Ndiye kunamveka kuti galimoto ya Ajibu, mmodzi wa eni magalimotowo, yatsitsa phukusi la zitenje pakhomo pa a Macdonald, ndipo akazi awo, poyesa ndi za kampeni, agawira azimayi ovota. A Yakobo sanadikire komiti. Anaitana Omega, mlembi wa bungwe, n'kumuuza kuti mwa mphamvu ya mpando amusankha kukhala wofufuza. Lamlungu abweretse dzina la wopereka, a Macdonald achotsedwe pampikisano.

Omega anatuluka. Kenaka phwete linamugwira pakati pa msewu, mpaka wa teksi anamuimbira hutala. Zitenjezo anagula ndi iyeyo!

A Macdonald anali malume a Rozina, mtsikana wa kwaya, wa mpata m'mano, amene akayamba nyimbo Omega ankaiwala ndi vesi lomwe. Mwambo umati ayambe ankhoswe kukagogoda. Koma nkhoswe yake inali ku Dedza, ndipo kalata ya ku Dedza imayenda ngati nkhono. Mtima unakana kudikira. Anagula zitenje zisanu ndi chimodzi kwa amwenye kuti zikhale chikole, n'kupempha Ajibu akatule, asatchule dzina. Kalata yomwe ikanafotokoza zonse anaiiwala m'thumba la jekete.

Tsopano akakhala chete, malume a Rozina agwa popanda mlandu. Akaulula, adzionetsa pagulu kuti analumpha ankhoswe, ndipo khomo limenelo mwina sadzaliponda.

Lamlungu anthu anadzaza m'galaja momwe ankasonkhana. Kutsogolo kunakhala azimayi asanu ndi mmodzi, aliyense atavala chitenje cha chikole chija, mbee. Rozina anali kumbuyo, m'siketi wamba.

"Wofufuza, tipatseni dzina," anatero a Yakobo, akusisita mimba.

"Apampando, wopereka ndamugwira. Ali m'jekete langa lomweli."

Omega anatulutsa kalata ija, n'kuyamba kuiwerenga: za kwaya, za mpata wa m'mano, za nyumba ya malata imene adzamange ku Dedza. Asanafike pa siginecha nthungululu zinali zitang'amba denga. A Yakobo anamenya tebulo kuti msonkhano watsekedwa, koma ngakhale iwo eni sanadzimve. Ajibu ankalumbira kuti iye ananyamula chabe, ngakhale ya petulo sanaione.

A Macdonald anaimirira pang'onopang'ono, nkhope ili gwaa.

"Mwana iwe, kwanu mbeta mumafunsira kudzera mwa dalaivala?"

Anagamula kuti alipe nkhuku yamoyo, osati za m'firiji za kuno, ndipo nkhoswe ibwere ngakhale wapansi. Za yankho, anati, mwini wake alipo.

Omega sanathe kucheuka. Anangomva mpando ukukhwekhwereza kumbuyo, kenaka mawu aja a kwaya, a Rozina.

"Amayi, zitenje zangazo muchape bwinobwino, musite. Ndizipeze kunyumba Lachitatu."