Thovu Linatsika ndi Madzi

A Gaspar anali munthu wovuta, tisabisane. Tsiku limene anthu amfuti anawotcha kachipatala ka mishoni kufupi ndi Nsadzo, kumene iwo ankagwira ntchito, anzawo ankathawa ndi ufa ndi mabulangete, koma iwo anatuluka atafungatira mikolosikopiyo, chida chawo choonera tizirombo ta malungo m'magazi. Mkazi wawo Albina anakwera phiri akulalata njira yonse, mwana wawo Lídia ali kumsana.

Kuphanga kumene anabisala kunali mabanja angapo, ndipo malamulo analipo: utsi masana ayi, mtondo ayi, atambala onse anadyedwa. Koma mphere zilibe lamulo. Zinamugwira Lídia mpaka m'mipata ya zala, zilonda zikuchucha mafinya, mwana akulira kulira kumene kukanaphetsa phanga lonse. Amayi ena anayamba kumuyang'ana Albina ndi diso loti chokani.

Ndiye Albina anatcheza chidulo chaukali, anapera njere za msikidzi pamwala, n'kuphika zonse pamodzi kusanayere. Munatuluka sopo wofewa, wakuda, wa fungo losakoma.

A Gaspar anakana kuti akhudze mwana asanamuyese. Anadontheza pagalasi, anasuzumira m'chida chawo, anapukusa mutu. Kenako anasungunula pang'ono m'galafa ya madzi, ndiye kuti botolo, naiika pamene dzuwa linkalowera pamng'alu wa thanthwe. M'madzi wamba kuwala kunkangodutsa osaoneka. M'madzi a sopo munaoneka kanjira kotuwa, kuchokera uku kukafika uko.

"Mwaona, amake Lídia? Tinthu ta sopo tili ndi mutu wokonda madzi ndi mchira wodana nawo. Tikachuluka timaunjikana, michira m'kati, mitu kunja, litsiro n'kutsekeredwa pakati. N'tating'ono zedi, chida changachi sichingatione. Koma kuwala kukatigunda kumamwazika, ndiye timaululika."

"Ine ndikufunsa ngati ndingasambitse mwana, inu mukundilowetsa shikola ndi maphunziro anuwo."

"Kamusambitseni. Sopo wanu wapsa bwino."

Amayi onse anamutsatira Albina kukamtsinje kotsika m'phirimo. Anthu amene anatha miyezi akudzitsuka ndi mchenga anachapa tsiku limenelo ngati kuli ukwati, akuseka chamumtima. Albina anamusambitsa Lídia mpaka kulira kunatha, ndipo mtima wake unakhala pansi koyamba chithawireni. Utsi ankauopa, phokoso ankaliopa, koma thovu, abale, ndani akanaliganizira? Palibe amene anayang'ana kumunsi.

A Gaspar ndiwo analiona ali pathanthwe. Linkatsika loyera mbee, kulunjika padooko, ndipo padookopo panaima amuna amfuti, wina akuloza madzi. Anali a mbali iti, musandifunse. M'zaka zimenezo wobisala kuthengo anali wolakwa kwa onse.

Anatsika msanga, anavula malaya, anatenga sopo m'manja mwa mkazi wawo.

"Mukupita kuti, abambo ake Lídia?"

"Atsata thovuli mpaka apeze wochapa. Akamupeza pafupi, sakweranso phiri. Bwererani kuphanga nonse, mwanayo mumupatse bere."

Albina anafuna kuwagwira mkono, koma manja ake anali ndi sopo, ndipo anaterereka.

Kuphanga anadikira kulira kwa mfuti. Sinalire. Palibenso amene anakwera phiri. M'mawa mwake Albina anatsika yekha motsata madzi, ndipo chapafupi ndi dooko anapeza malaya aja atayanikidwa bwinobwino pachitsamba, oyera, ouma. Kasopo kotsala kanali pamwala. Magazi panalibe, mtembo panalibe, koma mapazi a nsapato zazikulu okha, olowera kuchigwa.

Zilonda za Lídia zinauma. Mvula isanagwe anthu a kuphanga anadutsa thengo cha ku Cassacatiza n'kulowa m'Zambia, ndipo Albina anasiya mphika kuti anyamule chida chija ankachitukwana. Maliro sanalire, chifukwa sungalire munthu amene anangoyanika malaya. Koma mantha ndi chisoni sizinamuchoke. Dzuwa likalowa pampata wa udzu m'kanyumba kake, ankaika galafa ya madzi a sopo, kanjira kotuwa n'kuoneka, iye n'kumakayang'anitsitsa ngati akumvetsera munthu.

Kumsasa wa othawa nkhondo ankagawa sopo woyera wonunkhira, ndipo amayi ankapita naye kumtsinje akuimba. Albina sanapiteko. Ankatunga madzi, n'kuchapira kuseri kwa nyumba, kenako n'kukumba kadzenje, kuthiramo madziwo, kukwirira thovu lonse ndi dothi. Anzake ankamuseka kuti wazungulira mutu. Akamaliza kukwirira ankaimirira n'kuyang'ana kumunsi, ngakhale kuseri kwa nyumbako kunalibe mtsinje.