Valavu Yatsopano Inali Imodzi

1.
Chiwongolero sichikhudza matayala, amayi. Anandiuza choncho Lonjezo, mwana wanga, atangoyamba kuyendetsa dampa ku mgodi wa malasha, zigalimoto zija tayala limodzi kutalika kuposa khomo la tchalitchi. Ndinaseka.
Ndiye umakhota bwanji?
Ndimapempha.
Kupempha ndani?
Valavu.

2.
Awa ndi mawu a mlongo wanga Zakeyu, makaniko wa pa mgodipo, tsiku lina pakhonde panga, akuphunzitsa anyamata awiri, wanga ndi wake Medisoni, kachitsulo kali m'manja:

tamverani inu, mukapotoza chiwongolero mumatsegula kavalavu kakang'ono kamene kali pansi pake, kameneko kamayeza oyilo pang'ono n'kumutuma kwa valavu yaikulu kuti abwana akufuna kumanzere, ndiye mkati mwa yaikuluyo muli kachitsulo aka konga chala, kamatsetsereka n'kutsegula khomo, oyilo wambiri wochokera ku pampu n'kuthamangira m'masilinda, masilinda n'kukankha matayala, mukasiya kupotoza kachalaka kamabwerera pakati khomo n'kutseka, ndipo injini ikazima musanjenjemere, pali mabotolo a gasi osunga mphamvu yoti mukhote n'kuima, koma kachala aka kakakandika ndi fumbi, kakatentha n'kukakamira, olo mupotoze mpaka thukuta, pampu ili moyo, mabotolo ali odzaza, oyilo angoima pakhomo ngati mlendo wogogoda nyumba yopanda anthu

Dzanja limapempha. Valavu imavomera. Oyilo amakankha.

3.
Sinavomere.

4.
Ukutsikira m'dzenje la mgodi, Lonjezo, dzuwa lili paliwombo. Wafika pokhota paja. Ukupempha. Chiwongolero chauma gwa. Ukupempha ndi manja awiri, ndi mapewa, ndi mano. Ukuponda mabuleki. Mulu wa miyala wa m'mphepete mwa msewu ukubwera, dampa ikuukwera, thambo likupendekeka. Ine sindinalipo, koma ndimakuona nthawi iliyonse ndikatseka maso.

5.
Zimene anandipatsa kuchipatala, m'jumbo:
chisoti,
foni yosweka galasi,
chipapate chimene anangoluma kamodzi,
nsapato ziwiri.
Ziwiri. Mwendo wakumanja anali ataudula kale pansi pa bondo. Nsapato yakeyo ndichite nayo chiyani?

6.
Nkhani sigona. Inandipeza pa mpope wa kuchipatala ndikuchapa, kudzera mwa mai Kadzuwa, amene amuna awo amawotcherera zitsulo ku galaja ya ku mgodi.
Amake Lonjezo, musati mwamva kwa ine.
Nenani.
Madampa awiri ankakakamira chiwongolero. Valavu yatsopano inabwera imodzi. Abwana anati pano palibe dampa yogona, ina muike yatsopano, inayo mupukute yakale mubwezeretse.
Anasankha ndani?
Achimwene anu.
Ndiye yatsopanoyo?
Ee, kodi simunamuone Medisoni? Tsiku lomwelo anatsika n'kukwera m'dzenje mpaka kuweruka, osakakamira ngakhale kamodzi.
Ndinapitiriza kuchapa. Nsaluyo inali itayera kale.

7.
Zakeyu mwini mbumba. Zakeyu amene anaima pa manda a mwamuna wanga n'kunena kuti mwana uyu sadzasowa bambo ine ndili moyo. Zakeyu amene anandikakamiza, ine ndikukana, kuti Felesiya mlekeni mnyamata apite ku mgodi, zitsulo zake zonse zizidutsa m'manja mwangamu, ndipo ine chitsiru ndinayang'ana manjawo, akuda ndi girisi, okhakhala, manja amene anandibereka kumbuyo ndili wamng'ono, n'kunena kuti chabwino achimwene mutengeni

Akuti chibale ndi fupa sichiola. Changa chinaola, ndipo fungo lake ndinalimva.

8.
Anabwera. Ndinamutsekera pakhomo la wodi, anthu akuona.
Achimwene, valavu yakale munaika ndinu?
Ndine.
Mukudziwa kuti ndi yokandika?
Ndinaipukuta. Ndinaiyesa. Oyilo ali wozizira inkayenda.
Wozizira. Mwana wanga amayendetsa mu fuliji?
Felesiya.
Yatsopano munaika kuti?
Anatembenuza chisoti m'manja.
Ndikufunsa, yatsopano munaika kuti?
Anayang'ana chitseko cha wodi.
Mverani, ndipo anthu onsewa amve. Kuyambira lero ine ndilibe mlongo. Pa maliro anga musadzaponde. Ofufuza a ku mgodi akabwera kudzafunsa, dzina ndiwapatsa ndi lanu, mukaolere m'ndende.
Ulitchule, mlongo wanga.
Anatero basi. Ndinkafuna akane, aname, akalipe, kuti ndimung'ambe malaya. Ulitchule. Zinandipweteka koposa.

9.
Dzanja limapempha. Valavu imavomera. Oyilo amakankha.
Nanga amene anaika valavuyo? Za iyeyo pakhonde paja sanaphunzitse.

10.
Zakeyu amabwera m'mawa uliwonse. Salowa. Amakhala pa benchi pansi pa mtengo wa mthethe, chisoti pa bondo, mpaka mlonda atamuuza kuti nthawi yoona odwala yatha. Ndikamapita kukatenga phala ndimadutsa pomwepo ngati pali chitsa.

Medisoni sanabwere ngakhale tsiku limodzi. Msuweni wake weniweni, amene anakula akulandana naye malaya. Ndinati ndi manyazi, mwana akuchita manyazi ndi bambo ake. Mpaka ndinamumvera chisoni.

11.
Singano.
Malungo.
Kubwebweta.
Singano.
Amayi, mwendo ukuyabwa.
Uti?
Umene kulibe.

12.
Lonjezo mutu unamuyera tsiku limene ofufuza anati abwera. Anadya phala lonse, kenako anayang'ana kukhomo.
Amalume sakubwera?
Usawatchule amenewo.
Bwanji?
Anakuika m'dampa ya valavu yowola, yatsopano n'kupatsa mwana wawo.
Amayi, dampa inagwayo si yanga.
Wati chiyani?
Ndi ya Medisoni. Yanga ndi imene anaika yatsopano. Amalume anandiuza okha dzulo lake, kuti yako ndakonza, uziyenda mtima uli m'malo. Za inayo sanandiuze kanthu.
Ndiye unakweramo bwanji?
M'mawa Medisoni anandidikira pa geti. Anati msuweni, lero tisinthane. Msuweni akapempha mumamukaniza? Tinauza akapitawo, anati bola malasha atuluke.
Sananene chifukwa?
Anati lero ndilaweko nanenso zimene bambo anga amasungira iwe. Ndinaseka, ndimayesa ndi zachisuweni.
Iye anaseka?
Ayi.

Ndinatuluka. Panja galimoto yoyera inali itaima, amuna awiri a majekete owala akubwera kwa ine.
Mayi, tamva kuti muli ndi dzina loti mutipatse.
Kuseri kwa mapewa awo, pa benchi paja, Zakeyu anali ataimirira. Anaona nkhope yanga, ndipo anadziwa kuti mwana walankhula. Anapukusa mutu pang'onopang'ono. Kenako anakweza dzanja n'kudziloza pachifuwa.