Kapu ya Mayi Brodsky

Ine Anselmo, mwana wa ku Santo Domingo, ndapalapo dzimbiri la sitima ku Dakar, ndagulitsapo maambulera ku Rotterdam, koma chimene ndimadziguguda nacho pachifuwa ndi ichi: mu New York monse mulibe munthu wobweza ngongole mowolowa manja ngati ine.

Inali ntchito yoyamba ya kampani yangayanga: kugwetsa thanki ya madzi yowola pamwamba pa nyumba ya nsanjika khumi ndi ziwiri ku Bronx, n'kuimika yatsopano ya matabwa a mkungudza. Mipopi yonse tinatseka. Dzuwa lili paliwombo, kukhosi kuli gwa, ndinagogoda pa khomo la m'nsanjika yomaliza. Anatsegula Mayi Brodsky, tsitsi lili m'mapini. Mwana wawo ankakwatiwa m'mawa mwake.

"Kapu imodzi yokha ya madzi, mayi."

"Yatsala ndi yomweyi, bambo wa mathanki. Ndikukongozani. Koma mwana wanga akapita ku ukwati osasamba, dzina lanu lidzanunkha mpaka ku Brooklyn."

Ndinagugudiza yonse.

Chakumadzulo tinamanga malamba achitsulo kuzungulira thanki yatsopanoyo, pampu n'kuyamba kukoka madzi. Thanki ija kudontha kwake! Mpata uliwonse unali kasupe. Mayi aja anakwera padenga atafunda ambulera.

"Mayo ine! Mwatimangira sefa? Misomali ili kuti? Phula lili kuti?"

"Mulibe ngakhale msomali umodzi!" ndinakuwa, ndikuvina m'mvula yangayo, nsapato zili phwathaphwatha. "Thabwa nalonso limamva ludzu, mayi! Lisiyeni limwe. Likakhuta lifufuma, mipata itsekeka yokha!"

"Chofufuma pano ndi mutu wanuwo."

"Umenewo unafufuma kalekale, n'chifukwa chake sudontha!"

Anaseka asakufuna, komabe chala anandiloza. Mipopi sindikanatsegula thanki isanakhute, ndipo iwo ankadziwa zimenezo.

Kutacha ndinakwera padenga nditavala tayi. Dontho lija, tho… tho… kenako zii. Ndinapsompsona thabwa, n'kupotokola chitsekero chachikulu cha madzi. Mapaipi anatsokomola nyumba yonse. Ndinatsika masitepe atatuatatu ndikuimba mluzu.

Pamene Mayi Brodsky ankatsegula chitseko, n'kuti mkwatibwi akuimba kale kubafa, madzi ali wawawa. Ndinalowa kukhitchini ngati kwathu, ndinatunga m'kapu ija mpaka pakamwa, n'kuwapatsira ndi manja awiri.

"Ngongole yanu, mayi. Chiwongoladzanja ndachisiya padenga, chandikanika kunyamula."

"Chochuluka bwanji, bambo wa matama inu?"

"Magaloni zikwi khumi."