Nsanja Yachiwiri

Ndinangodutsirako. Alamu anga, amuna a achemwali, ndi opulumutsa anthu osambira pagombe. Ndinawapeza pansanja yawo, wezulo m'khosi, maso kumadzi. Moni anandipatsa osandicheukira.

"Alamu, mwanenepa," anatero.

"Mwandiona nthawi yanji?"

"Makwerero adandaula."

Tchuthi chinali chitangoyamba. Mabasi atatu pamsewu. Maambulera, mawailesi, matewera.

Chaka chatha opulumutsa analipo asanu ndi mmodzi, ndi boti lomwe. Akuluakulu anachepetsa anthu. Pano alamu amakhala okha mpaka masana. Boti lili kuseri kwa ofesi, pangolo yakuphwa matayala. Nsanja yachiwiri ili cha kumiyala. Mulibe munthu. Jekete yofiira ya amene ankakhalapo idakali pampando.

Ntchito yake ndi kuwerenga mitu. Kuyambira pa mbendera iyi kukafika pa inayo, kenako kubwerera.

"Twente-folo," anatero chapansipansi.

Ndinafunsa za ana. Anayankha mwachidule. Milomo ikuwerengabe.

Cha m'ma 11 kunabwera mayi wina akutsimphina. Anaponda botolo losweka. Magazi m'chala chachikulu.

Alamu anaimirira. Anakweza dzanja molunjika kunsanja yachiwiri, n'kutsika. Lamulo lawo ndi limenelo. Ukafuna kuchotsa maso pamadzi, umakwezera mnzako dzanja, madzi onse akhala ake. Achita zimenezi zaka khumi ndi ziwiri.

Anagwada, msana kumadzi. Thonje, mankhwala, bandeji. Mayi uja akuseka ndi ululu.

"Muziyenda ndi nsapato, mayi. Mchengawu si kapeti."

Ine ndinali kuyang'ana foni. Kenako mutu unagwira.

"Alamu! Dzanja lija mwakwezera ndani?"

Anadzutsa mutu. Anayang'ana nsanja ija. Jekete ikugwedezeka ndi mphepo. Bandeji inagwera mumchenga.

Sanathamange. Anakwera bwinobwino, n'kuyamba kuwerenga. Ndinaona chala chikuyenda.

"Twente-fili."

Anabwereza. Twente-fili.

"Mwina wina watuluka," ndinatero.

"Mawu oti 'mwina' sitigwira nawo ntchito kuno. Wasowa ndi mdala wa chipewa chobiriwira. Amasambira cha kumiyala. Pitani kumaambulera. Ine sindichokanso pano."

Ndinayenda ambulera ndi ambulera, nsapato zodzaza mchenga. Anthu ogona. Anthu odya. Wina anaganiza kuti ndikugulitsa magalasi.

Mdala uja ndinawapeza pa okala yogulitsa zakumwa. Chipewa chikudontha madzi, akukangana ndi wogulitsa kuti botolo silikuzizira.

"Bambo, mwatuluka liti m'madzi?"

"Kodi kutuluka n'kosainira?"

Ndinawasiya. Ndinakuwa kuti apezeka. Alamu anangogwedeza mutu.

Nditakwera ndinawapeza maso akadali kumadzi.

"Mphindi zinayi msana kumadzi," anatero. "Munthu amamira m'mphindi ziwiri."

Mafunde ang'onoang'ono. Tsiku lokoma ndithu.

"Alamu, kusambira mumatha?" anandifunsa.

"Mubafa."

"Kunyamula?"

"Zimenezo ndiye."

Anandituma kukazula mbendera ya kumiyala ndi kuizika pafupi, pomwe maso awiri angakwanitse. Mtengo wake unali wolemera. Gombe losambira linatsala theka. Alamu analiza wezulo, n'kukodola onse a mbali ija kuti asendere.

Anthu anatuluka akung'ung'udza. Mtsikana wina anandifunsa ngati nyanja ndi ya bambo anga. Mayi wa chala uja ndi amene anamuyankha, ali pansi, akudzimanga yekha bandeji.

"Sendera, iwe! Munthuyo ali yekha."

Anasendera.